Zipika za Aluminiyamu Zimene Zinkatchera Khutu Mafunde Ochokera ku Nyenyezi

Mu June 1969, magazini ya sayansi ya Physical Review Letters inasindikiza lipoti lalifupi la Joseph Weber, mphunzitsi wa pa University of Maryland ku United States, lonena kuti wapeza umboni wa mafunde a mphamvu yokoka, omwe Albert Einstein analosera mu 1916 koma panalibe munthu amene anali atawapezapo. Chipangizo cha Weber chinali chipika cha aluminiyamu cholemera makilogalamu pafupifupi 1,400, chotalika masentimita 153 ndiponso chonenepa masentimita 66, chopachikidwa pa waya m'kati mwa thanki yochotsedwa mpweya. Masiku ano akatswiri amagwirizana kuti Weber sanapeze mafundewo. Ngakhale zinali choncho, zipika zoterezi zinapitiriza kumangidwa ndi kukonzedwa kwa zaka zoposa 40 ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo munthu akamvetsa chimene chinazilepheretsa, wamvetsa kukula kwa ntchito imene makina a LIGO a ku America, omwe amapima mafundewa ndi kuwala kowongoka kotchedwa laser, anadzakwanitsa mu 2015.

Malinga ndi chiphunzitso cha Einstein, mphamvu imene imagwetsa mwala pansi ndi kusunga mwezi m'njira yake imachokera ku kupindika kwa danga ndi nthawi pafupi ndi zinthu zolemera. Zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana mwaliwiro, kapena nyenyezi ikagumukira m'kati mosalingana mbali zonse, kupindikako kumasintha, ndipo kusinthako kumafalikira kutali pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Funde lotere likamadutsa, limatanula mtunda wa pakati pa zinthu mbali imodzi n'kuufupikitsa mbali yopingasa, kenako limasinthanitsa, ndipo limachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka litatha. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti funde silitanula chinthu ndi muyezo umodzi wokhazikika, koma ndi gawo la kutalika kwa chinthucho, moti chinthu chachitali chimatanuka kwambiri kuposa chachifupi. Mafunde amphamvu amene amafika pa dziko lino amatanula zinthu ndi gawo limodzi mwa magawo ochuluka ngati 1 wotsatiridwa ndi maziro 21, nambala imene akatswiri amailemba 10⁻²¹. Mtunda wonse wa pakati pa dziko ndi dzuwa, makilomita 150 miliyoni, ungasinthe ndi kukula kwa atomu imodzi yokha. Chipika cha mamita atatu chingasinthe ndi kamuyezo kochepa kuposa pulotoni, kachidutswa ka m'kati mwa atomu, kuwirikiza ka 500,000.

Kwa zaka zambiri panali mkangano ngati mafundewa ndi enieni kapena ndi chinyengo cha masamu, ndipo Einstein mwiniwake anakayikirapo mu 1936 pamene ankagwira ntchito ndi Nathan Rosen. Nkhaniyi inayamba kuoneka mutu wake pa msonkhano wa ku Chapel Hill, North Carolina, mu 1957, pomwe Felix Pirani anasonyeza mmene funde lingasunthire zinthu ziwiri zoyandikana, ndipo Richard Feynman anawonjezera kuti mikanda iwiri yovekedwa pa ndodo ikhoza kukhulana ndi ndodoyo n'kuitenthetsa funde likamadutsa. Chinthu chimene chingatenthetse ndodo chili ndi mphamvu, ndipo chili ndi mphamvu chingathe kupimidwa. Weber anali pa msonkhanowo. Iye anali atagwirapo ntchito ya usilikali wa panyanja, anapulumuka pamene sitima ya Lexington inamizidwa mu 1942, ndipo anaphunzira kwambiri za mawailesi ndi zamagetsi, choncho ankadziwa kufunafuna chizindikiro chofooka pakati pa phokoso. Mu 1960 anafalitsa ndondomeko ya chipangizo chake.

Maganizo ake anali otere. Funde likafika pa chipika, limayesa kutalikitsa nsonga zake ziwiri n'kuziyandikitsanso, koma maatomu a aluminiyamu ndi ogwirana zolimba ndipo amakana kusuntha. Kukokanakokana kumeneku kumasiya chipikacho chikunjenjemera, monga mmene chimachitira chitsulo chimene amachipachika pamtengo pa sukulu ya kumudzi, chomwe mwana akachimenya kamodzi chimapitiriza kulira ndi liwu lakelake ngakhale womenyayo atachoka. Liwu la chipika limadalira zinthu ziwiri zokha, kutalika kwake ndi liwiro limene kunjenjemera kumayendera mu aluminiyamu, lomwe ndi mamita pafupifupi 5,100 pa sekondi. Kunjenjemerako kumachoka ku nsonga ina kukafika ku inzake n'kubwerera, ndipo pa chipika cha masentimita 153 ulendowu umachitika ka 1,660 pa sekondi iliyonse. Weber ankayembekezera kuti nyenyezi yaikulu ikamagumuka n'kuphulika, chimene chimatchedwa supernova, imatulutsa mafunde ogwedezeka cha pamlingo womwewu. M'chiuno mwa chipikacho, pamene chitsulo chimatanuka ndi kufinyika kwambiri, anamatapo timiyala tapadera totulutsa magetsi tikafinyidwa, ndipo magetsiwo ankakuzidwa n'kulembedwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti kulira kwa nthawi yaitaliko kumakuza chizindikiro, koma pa funde lachidule, lotha m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, sizili choncho. Funde lotere limakankha chipika kamodzi n'kupita, ndipo mphamvu imene lasiya ndi yomweyo kaya chipikacho chilira sekondi imodzi kapena ola lathunthu. Phindu la kulira nthawi yaitali lili pa nkhondo yolimbana ndi phokoso, ndipo apa m'pamene pagona nzeru yonse ya chipangizochi.

Phokoso loyamba ndi kugwedezeka kwa nthaka chifukwa cha magalimoto, mphepo ndi zivomezi. Limeneli silinali lovuta kwenikweni, chifukwa kugwedezeka kwa ka 1,000 pa sekondi kumatsekeka bwino ndi milu ya mphira ndi zitsulo zosanjikizana. Phokoso lachiwiri ndilo linali mutu waukulu, chifukwa limachokera m'chipika momwemo. Kutentha kwa chinthu chilichonse ndiko kuyendayenda kwa maatomu ake, ndipo kuyendayendako kumachititsa chipika kulira chokha usiku ndi usana popanda wochimenya. Pa kutentha kwa m'nyumba, nsonga za chipika cha Weber zinkasuntha ndi mamita pafupifupi 2 × 10⁻¹⁶, muyezo wochepa kuposa pulotoni koma woposa kutali chizindikiro chimene chinkafunidwa. Njira yozembera vutoli inali yosiya kuyang'ana kukula kwa kulira n'kumayang'ana kusintha kwake kwadzidzidzi. Chitsulo chimene chimataya mphamvu pang'onopang'ono chimalandiranso mphamvu ya kutentha pang'onopang'ono, moti kulira kochokera ku kutentha kumakwera ndi kutsika mwaulesi, pa masekondi makumi angapo kapena kuposa, pamene funde limasintha kulirako m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Wopima akamayerekeza mmene chipika chikulirira tsopano ndi mmene chimalirira kamphindi kapitako, kutentha kumakhala kusanapeze mpata wosintha zambiri, ndiye kudumpha kulikonse kumaonekera.

Apa pakubuka phokoso lachitatu, la makina okuza magetsi. Kanthawi koyerekezerako kakafupika, phokoso la kutentha limachepa koma la makinawo limakula, chifukwa sipakhala nthawi yokwanira yoti lisalazike. Kanthawiko kakatalika, zinthu zimatembenuka. Chipangizo chilichonse chinali ndi malo ake apakati pomwe maphokoso awiriwa ankalingana, ndipo mbiri yonse ya zipikazi ndi ya kukankhira malo amenewo pansi pogwiritsa ntchito chitsulo cholira nthawi yaitali, kuzizira kwambiri, ndi makina okuza magetsi opanda phokoso.

Weber ankadziwa kuti chipika chimodzi sichingakhale mboni yodalirika, chifukwa chimadumpha pa zifukwa zambirimbiri. Choncho anaika china ku Argonne National Laboratory pafupi ndi Chicago, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Maryland, n'kumawerenga kudumpha kokhako kumene kwachitika pa zipika zonse nthawi imodzi. Koma zipika ziwiri zikhoza kudumpha pamodzi mwangozi, ndiye panafunika kudziwa kuti ngozi zoterozo zimachitika kangati. Njira imene anagwiritsa ntchito inali yochenjera: kuchedwetsa dala zolembedwa za chipika chimodzi ndi masekondi angapo, kenako n'kuwerenganso. Kugwirizana kulikonse kopezeka pambuyo pochedwetsa n'kwangozi, popeza funde lenileni limafika malo onse awiri pafupifupi nthawi imodzi. Ngati kugwirizana kwa pa nthawi yeniyeni kwachuluka kuposa kwa pa nthawi zochedwetsedwa, ndiye kuti pali chinachake. Weber ananena kuti kunkachulukadi, ndipo mu 1970 anawonjezera kuti zizindikirozo zinkabwera kwambiri pamene zipikazo zayang'anizana ndi pakati pa mlalang'amba wathu wa Milky Way.

Akatswiri a nyenyezi atawerengera, anapeza kuti zizindikiro zochuluka ndi zamphamvu chonchi zikanatanthauza kuti mlalang'ambawu ukutaya kulemera kofanana ndi madzuwa pafupifupi 1,000 chaka chilichonse. Dennis Sciama, George Field ndi Martin Rees anasonyeza kuti ukanati uzitaya koposa madzuwa 200 pa chaka, nyenyezi zake zikanaoneka zikumwazikana. Magulu ena anamanga zipika zawo: Vladimir Braginsky ku Moscow, Ronald Drever ku Glasgow, Tony Tyson ku Bell Labs, David Douglass ku Rochester, Heinz Billing ndi anzake ku Munich mogwirizana ndi gulu la ku Frascati, komanso Richard Garwin ndi James Levine ku IBM. Zina mwa zipangizozi zinali zomva kuposa za Weber, koma panalibe ngakhale chimodzi chimene chinapeza kalikonse koposa phokoso. Kenako zolakwa zinayamba kutulukira. M'pulogalamu ya kompyuta ya Weber munapezeka vuto lobala kugwirizana kwabodza. Ndiponso iye ananena kuti wapeza kugwirizana pakati pa chipika chake ndi cha ku Rochester, koma zinadziwika kuti mawotchi a magulu awiriwa ankasiyana ndi maola anayi, chifukwa ena ankalemba nthawi ya Greenwich pomwe ena ankalemba ya kum'mawa kwa America. Anali atapeza chizindikiro m'malo amene sichikanakhalamo. Pa msonkhano wa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1974, Garwin anaulula zimenezi pagulu ndipo awiriwa anatsala pang'ono kugwirana m'khosi.

Kuona kwanga n'kwakuti vuto la Weber silinali kusaona mtima. Wofufuza amene ali ndi ufulu wosintha mlingo wa chimene akuchitcha kudumpha, kusintha kukula kwa kampata ka nthawi, ndi kusankha pakati pa njira zingapo zowerengera ataona kale zotsatira zake, adzapeza chimene akufuna ngakhale m'phokoso lokhalokha, ndipo adzakhulupirira ndi mtima wonse. Weber sanabwerere m'mbuyo mpaka imfa yake mu 2000. Anafika ngakhale potumiza chipangizo ku mwezi ndi ulendo wa Apollo 17 mu 1972, chofuna kugwiritsa ntchito mwezi wonse ngati chipika, koma sichinagwire bwino ntchito chifukwa cha kulakwitsa pa kapangidwe kake.

Mu 1974, Russell Hulse ndi Joseph Taylor anatulukira nyenyezi ziwiri zolemera zimene zimazungulirana pa maola 7.75, ndipo patapita zaka zinaoneka kuti zikuyandikirana pa mlingo womwe Einstein analosera ngati zikutaya mphamvu kudzera m'mafundewa. Mafunde analipo ndithu, chosowa chinali chipangizo chomva mokwanira. William Fairbank ku Stanford, William Hamilton ku Louisiana State University, ndi Edoardo Amaldi pamodzi ndi Guido Pizzella ku Rome anali atayamba kale njira yoziziritsa zipika ndi heliyamu, mpweya umene umasanduka madzi pa kuzizira kwakukulu. Pofika m'ma 1990 panali zipika zisanu zoterezi: ALLEGRO ku Baton Rouge, EXPLORER ku malo ofufuzira a CERN pafupi ndi Geneva, NAUTILUS ku Frascati, AURIGA ku Legnaro pafupi ndi Padua, ndi NIOBE ku Perth. Zinayi zoyambazo zinali za aluminiyamu, zotalika mamita atatu, zolemera makilogalamu pafupifupi 2,300, ndipo zinkalira cha pa ka 900 pa sekondi. NIOBE, ya gulu la David Blair, inali ya chitsulo chotchedwa niobium, yolemera makilogalamu 1,500, ndipo inkalira cha pa ka 700.

Tiyang'ane NAUTILUS pafupi. Chipika chake chinali m'kati mwa zigoba zingapo zovekana, chilichonse chozizira kuposa cha kunja kwake, ndipo chigoba chilichonse chinkalendewera pa chinzake kuti kugwedezeka kwa nthaka kuzithera m'njira. Kuziziritsa matani awiri a chitsulo kunkatenga milungu, moti kungofuna kukonza kawaya kamodzi m'kati kunkatanthauza kutenthetsa zonse, kutsegula, kutseka, kupopa mpweya ndi kuziziritsanso, ntchito yodya miyezi. Chipikacho chinafika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri pamwamba pa kuzizira komaliza kumene chilengedwe chimalola, komwe ndi madigiri 273 pansi pa ziro. Timiyala ta Weber tinasiyidwa. M'malo mwake, ku nsonga ya chipika kunamangidwa kachitsulo kosakwana kilogalamu imodzi kolira liwu lofanana ndi la chipikacho. Zinthu ziwiri zolira liwu limodzi zimapatsirana mphamvu, ndipo mphamvu ya chipika chachikulu ikalowa m'kachitsulo kopepuka, kachitsuloko kamasuntha kuwirikiza makumi angapo kuposa nsonga ya chipika. Moyang'anizana nako panali chimbale chokhala ndi magetsi, pa mpata wosaposa gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita, ndipo kusintha kwa mpatawo kunkabala timagetsi timene tinkakuzidwa ndi chipangizo chotchedwa SQUID, chomwe chimagwira ntchito pa kuzizira kwakukulu ndipo chili m'gulu la zokuzira magetsi zopanda phokoso kwambiri zimene anthu anapangapo.

Ndi luso limeneli zipika zinafika pomva kutanuka kwa magawo ochepa a 10⁻¹⁹, kuposa chipika cha Weber kuwirikiza mazanamazana. NAUTILUS inkamva ngakhale tizidutswa tochokera mumlengalenga tikalasa chitsulo chake, chifukwa timatenthetsa kanjira kamene tadutsa, chitsulo n'kufufuma pang'ono mwadzidzidzi n'kuyamba kulira. Panafunika kuika zipangizo zina pamwamba ndi pansi pake zozindikira tizidutswato kuti tisasokonezedwe ndi mafunde. Tsoka linagwa pa 23 February 1987, pamene supernova inaoneka mu Large Magellanic Cloud, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu: zipika zozizira zonse zinali zozimitsidwa nthawi imeneyo, ndipo zimene zinkagwira ntchito zinali zakale zosaziziritsidwa za ku Rome ndi ku Maryland, zomwe zonena zake akatswiri ambiri sanazivomereze. Chipika cha ku Stanford chinawonongeka ndi chivomezi cha Loma Prieta mu 1989. Mu 1997 magulu oyendetsa zipika zisanu zija anagwirizana kusinthana zolembedwa zawo mu mgwirizano wotchedwa IGEC, atapangana malamulo owerengera asanaone zotsatira, ndipo pa zolembedwa za 1997 mpaka 2000 sanapeze kugwirizana koposa kwangozi. Gulu la ku Rome linalengeza mu 2002 kuti EXPLORER ndi NAUTILUS zaonetsa kugwirizana kochulukirapo pang'ono, koma zaka zotsatira sizinatsimikize zimenezo.

Chimene chinagonjetsa zipika chinali m'chibadwa chawo. Choyamba ndi kutalika. Popeza funde limatanula chinthu molingana ndi kutalika kwake, chipangizo chachitali chimapambana, koma chipika sichingatalikitsidwe mwachisawawa chifukwa kutalika kwake n'komangika ku liwu lake kudzera pa liwiro la kunjenjemera m'chitsulo. Makina a laser alibe goli limenelo, chifukwa amapima ndi kuwala mtunda wa pakati pa magalasi olendewera, ndipo mikono ya LIGO ndi ya makilomita anayi. Chachiwiri n'chakuti chipika chimamva bwino pafupi ndi liwu lake lokha. Poyamba kampata kake kanali ka kugwedezeka kumodzi kapena kuwiri pa sekondi, ndipo AURIGA itakonzedwa inafutukula kampatako kufika pa 100, kuyambira cha pa 850 mpaka 950, koma ngakhale pamenepo chipika chikanangonena kuti chamenyedwa, osafotokoza maonekedwe a funde limene lachimenya. Chachitatu ndi malire amene Braginsky anawaunikira: malamulo a tinthu ting'onoting'ono salola kupima kunjenjemera mopanda malire, ndipo chipika cha matani awiri, ngakhale chitakhala changwiro, chikanaima cha pa 2 × 10⁻²¹ pokhapokha patapezeka njira zapadera zozembera malirewo. Pa mlingo umene zinafikadi, zipika zikanamva zochitika zamphamvu za mu mlalang'amba wathu wokha, momwe nyenyezi zimaphulika kawiri kapena katatu pa zaka 100.

Ena anayesa mpira m'malo mwa chipika. Mpira wachitsulo uli ndi njira zisanu zonjenjemerera zimene funde lingadzutse, choncho umamva mbali zonse mofanana ndipo ungasonyeze kumene funde lachokera, pamene chipika chimamva bwino lokhalo lobwera cham'mbali. MiniGRAIL ya ku Leiden, yonenepa masentimita 68, ndi Mario Schenberg ya ku São Paulo, yonenepa masentimita 65, zinapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi aluminiyamu ndipo zinkalira cha pa ka 3,000 pa sekondi, koma zinabwera ndalama ndi anthu zitasamukira kale ku makina a laser.

Pa 14 September 2015, makina awiri a LIGO, a ku Livingston ndi ku Hanford ku America, anamva funde lochokera ku ma black hole awiri (zinthu zamumlengalenga zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawemo), olemera ngati madzuwa 36 ndi 29, amene anagundana pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka 1.3 biliyoni. Fundelo linakwera kuchokera pa kugwedezeka ka 35 kufika pa ka 250 pa sekondi m'gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo pachimake linatanula danga ndi 10⁻²¹. NAUTILUS ndi AURIGA zinali zisanatsekedwe, koma fundelo linali lapansi kwambiri pa liwu lawo ndiponso lofooka kuwirikiza mazana kuposa chimene zikanamva. Zonse ziwiri zinazimitsidwa mu 2016, pambuyo pa NIOBE, ALLEGRO ndi EXPLORER.

Anthu ambiri amene anamanga makina a laser anaphunzirira ntchito pa zipika. Robert Forward, wophunzira wa Weber, anamanga makina aang'ono oterewa ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Gulu la Billing, litalephera kupeza zimene Weber ankanena, linatembenukira ku laser, ndipo ntchito yake pamodzi ndi ya ku Glasgow inabala makina a GEO600 pafupi ndi Hannover, komwe luso lambiri la LIGO linayesedwera. Drever anasamukira ku Caltech n'kukhala mmodzi mwa oyambitsa LIGO. Pa mwambo wolengeza zotsatira ku Washington pa 11 February 2016, mkazi wa malemu Weber, katswiri wa nyenyezi Virginia Trimble, anaitanidwa kukhala pa mpando wakutsogolo. Ndipo pofuna kutsimikiza kuti chizindikirocho sichinali ngozi, gulu la LIGO linachedwetsa zolembedwa za makina amodzi poyerekeza ndi anzake kambirimbiri, monga ankachitira Weber pakati pa Maryland ndi Argonne, koma ndi malamulo okhazikitsidwa pasadakhale, ndipo kuchokera pa zolembedwa za masiku 16 linapeza kuti phokoso lokha silingabale kugwirizana kwamphamvu chotero ngakhale kamodzi pa zaka 203,000.